Chingwe cha Belu la ku Nakhombe

Kalekale, agogo anu akadali ndi mano onse mkamwa, pakati pa nyanja ya matemba panali chilumba china chotchedwa Nakhombe. Musandifunse kuti chili mbali iti, simukapitako. Chinali chilumba chaching'ono cha asodzi ndi osema mabwato, ndipo chinthu chimodzi chokha chimene anthu ake ankadzitama nacho pamaso pa a kumtunda chinali tchalitchi chawo cha Andireya Woyera.

Tchalitchicho chinali cha matabwa okhaokha. Njerwa kunalibe, chifukwa dothi la pachilumbapo linali lamchenga, ukaliwotcha linkangofumbutuka m'manja. Ndiye makolo awo atalandira chikhristu anaoloka kukadula mibawa ndi milombwa kuphiri, n'kuikoka pamadzi, n'kumanga nyumba ya Mulungu mmene iwo ankadziwira kumanga, ndiye kuti ngati bwato. Msomali sanakhomemo ngakhale umodzi, poti madzi a nyanja imeneyo ndi amchere ndipo chitsulo sichichedwa kuchita dzimbiri. Thabwa lililonse analilumikiza kulinzake ndi zikhomo za mtengo. Nsanamira sanazikumbire pansi poopa chiswe. Anangochikhazika tchalitchi chonsecho pamwamba pa miyala ikuluikulu, monga mmene timaikira nkhokwe. Padenga panali kansanja, ndipo m'kansanjamo munali belu lomveka mpaka kutsidya.

Belu limenelo silinkalizidwa ndi munthu wamba. Chingwe chake chinkakhala m'manja mwa munthu mmodzi mpaka atakalamba. Akaona kuti watopa, ankachipereka pa Misa ya Pasaka, pa nthawi ya nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu, ndipo amene walandira n'kuliza belu tsiku limenelo ndiye ankakhala mwini chingwe mpaka naye atachita imvi. Mwini chingwe ndiye ankadzutsa chilumba m'mawa, ndiye ankalengeza ukwati, ndiye ankalengeza maliro. Pa Nakhombe panalibe ulemu woposa umenewo.

Nthawi imene ndikunenayi mwini chingwe anali a Venansio Mulekano. Anali munthu wamfupi, wopemphera, wabwino mtima, koma liuma lake, abale, munkachita kugwira pakamwa. Akanena kuti lamulo likuti chakuti, ngakhale mutawagwadira sankasuntha. Akazi awo anali atatsogola kale, mawondo anali atayamba kuwakana, ndipo chaka chimenecho analengeza kuti pa Pasaka apereka chingwe kwa mmodzi mwa ana awo atatu. Koma sananene kuti kwa ndani, chifukwa iwo eni anali asanadziwe.

Woyamba anali Damiano, wosema mabwato, munthu wosakonda zolankhula. Chaka ndi chaka mvula isanagwe ankakwawira kunsi kwa tchalitchi ndi ziguduli ndi phula, n'kumamata mipata ya matabwa apansi ndi a m'munsi mwa makoma, monga mmene ankamatira mabwato ake. Palibe anamutuma. Pakhomo anakhomerapo thabwa lofika m'mawondo, moti amayi ankachita kukwinya nsalu polowa, uku akumunena. Anthu ankamuseka kuti mvula imachokera kumwamba koma iye akumata pansi. Ena ankamufunsa ngati akufuna kukakokera makoka ndi tchalitchicho. Iye ankangoyankha kuti agogo anachimanga ngati bwato, ndipo bwato salisiya ndi mipata.

Wachiwiri anali Felesita, mayi wa ana ake, mtsogoleri wa kwaya. Khutu la mayi ameneyu linali loopsa. M'kati mwa gulu lonse likuimba, munthu mmodzi akangophonya pang'ono chabe, iye ankatembenuka n'kumuyang'ana m'maso, ndipo munthuyo nyimbo inkamuthera pakhosi. Ngakhale bambo ake omwe sankawasiya. Kuyambira ali mtsikana ankawauza kuti dzanja lawo limatsimphina, kuti akamamenya chinthu amamenya kawiri mofulumira, kachitatu n'kuchedwa. A Venansio ankamuyankha kuti akaphunzitse kwaya yake, asaphunzitse bambo ake.

Wachitatu anali Kalisto, chitsiriza. Ameneyu anali chibambo cha ndevu, cha mapewa otakata, chokonda kuseka. Ankakhala kunyanja m'chimbowera, tinyumba tija asodzi amamanga pa njedza zoyandama, udzu wautali uja wa m'madzi, ndipo kutchalitchi ankaoneka pa Khirisimasi ndi pa Pasaka pokha. Akabwera sankalowanso mkati. Ankaima pakhomo, n'kumati mkatimo mukutentha, koma tonse tikudziwa kuti pakhomopo ndi pamene pamayandikira kumene amayi aika mitsuko ya thobwa.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pano. Akatolika ali ndi mwambo woti kuyambira Lachinayi Loyera mpaka pa Pasaka belu sililira, chifukwa Ambuye ali m'masautso ndi m'manda. Pa Nakhombe mwambo umenewu ankausunga mopitiriza. Lachinayi likafika, mwini chingwe ankachikulunga n'kuchimangirira ku mtanda wa denga ndi tsamba la kanjedza la pa Lamulungu la Kanjedza, ndipo anthu ankati belu lili pamaliro. Poitanira anthu ku mapemphero ankamenya thabwa la mlombwa lopachikidwa kuseri kwa chitseko, limene ankangolitcha kuti gogoda. Wansembe ankaoloka kubwera pachilumbapo Lamulungu la Pasaka m'mawa, ndipo chingwe chinkamasulidwa pa Misa imeneyo basi.

Chaka chimenecho mvula inakana kutha. Sabata Loyera lonse inangokhalira kugwa, mitsinje ya kumapiri inataya madzi ake onse m'nyanja, ndipo nyanja inayamba kukwera. Lachisanu anthu anayenda Njira ya Mtanda madzi ali mu akakolo. Loweruka m'mawa kunagwa nkhungu yoti munthu sankaona mbuzi yake ili pachingwe. A Venansio anadzuka monga mwa masiku onse, n'kuyenda m'madzi ofika m'mawondo kupita kukasesa m'tchalitchi. Atasesa anagwada kutsogolo n'kuyamba kupemphera kolona, maso ali chitsinzire.

Ali pakati pa kolonayo anamva pansi pakugwedezeka. Anayamba aganiza kuti ndi chizungulire cha kusala kudya. Kenaka mabenchi anayamba kutsetsereka okha kupita kukhoma lina, n'kubwereranso. Atatsegula chitseko kuti aone, anapeza kuti kunja kulibe bwalo, kulibe mtengo wa mango uja, kulibe chilumba. Kunali madzi okhaokha ndi nkhungu. Madzi anali atachinyamula tchalitchi pamiyala yake, ndipo mwera unali kuchikankha pang'onopang'ono kupita pakati pa nyanja, kumene mafunde amaswa ngakhale mabwato aakulu.

Mkuluyo anachita mantha, tisabise. Kusambira ndi mawondo amenewo sakanatha, ndipo ng'ona za nyanja imeneyo sizisala kudya pa Sabata Loyera. Anayang'ana kumwamba. Chingwe cha belu chinali pomwepo, pamwamba pa mutu wawo, chomangidwa ndi katsamba kamodzi kouma. Akanangokwera pabenchi n'kukoka, chilumba chonse chikanadziwa kumene ali. Inu mukanatani? Ine ndikanaliza mpaka belulo kuthothoka. Koma a Venansio anati ayi, lero ndi Loweruka Loyera. Anatenga kachibonga n'kuyamba kumenya gogoda.

Kumudzi, amayi a mumpingo anabwera ndi maluwa ndi nsalu zoyera kuti akongoletse guwa la Pasaka. Anafika pamalo pake n'kupeza masitepe amiyala ataima okha m'madzi. Mayi wina anakwera masitepewo mpaka pamwamba, n'kuima, n'kuyang'ana uku ndi uku, ngati kuti tchalitchi chingakhale chitabisala kuseri kwa nkhungu. Kenaka wina anakumbukira kuti a Venansio analowamo m'mawa, ndipo kulira kunayambika.

Damiano anafika anthu atayamba kale nyimbo za maliro. Sanalire. Anagwada m'madzimo, n'kupapasa miyala ija umodzi umodzi, n'kuyang'ana ngati pali thabwa losweka kapena chikhomo chothyoka chikuyandama. Sanapeze kanthu. Ndiye anaimirira n'kulankhula mawu ambiri kuposa amene anthu anamumvapo chaka chonse.

"Lekani kulira. Chikanasweka bwenzi matabwa ali mbwee pano. Chanyamuka chathunthu, ndipo pansi pake ndinamata ndekha. Ababa ali moyo, ali pamadzi. Tulutsani mabwato."

Anthu aja ankamuseka aja anayang'anana. Paja amati wamisala anaona nkhondo. Nyimbo ya maliro inadukira pakati, ndipo amuna onse anathamangira kudooko.

Koma kukafuna kuti? Nkhungu inali itatseka paliponse. Damiano anati mwera uli kuomba kulowera chakumpoto, choncho mabwato onse alowere kumeneko, ndipo anatsogolera yekha. Chimene sanadziwe n'chakuti madzi a mitsinje yosefukira anali kukokera chakum'mawa, ndipo anali atachipatutsa tchalitchi. Mabwato onse anapita kolakwika, anthu akufuula dzina la a Venansio, ena akumenya m'mbali mwa mabwato, phokoso lokhalokha.

Felesita anatsalira padooko. Anauza amayi ndi ana kuti atseke pakamwa, ndipo poti onse ankamuopa, anatsekadi. Anamasula duku kuti makutu akhale pamtunda, n'kutsinzina. Panyanja pankamveka kugogoda kochokera mbali zonse, chifukwa kuwonjezera pa ofunafuna aja, asodzi a m'zimbowera amamenyanso mabwato awo pothamangitsira nsomba mu ukonde. Kwa inu ndi ine konseko kukanangokhala kugogoda. Koma iye anamva kwina kwapansipansi, kutali chakum'mawa, kwa mtengo wouma osati wa bwato lonyowa. Kawiri mofulumira, kachitatu mochedwa. Anaseka misozi ili m'maso, chifukwa dzanja lotsimphina lija ankalidzudzula moyo wake wonse ndi limene linali kumuitana.

Nthawi yomweyo Kalisto anali akungofika kuchokera kuchimbowera kwake ndi milamba yowamba ya phwando la mawa, osadziwa kanthu. Mlongo wake sanamupatse mpata wofunsa. Analowa m'bwato mwake, n'kukhala kutsogolo, n'kumuuza kuti apalase kumene iye aloze. Anayenda choncho m'nkhungumo, mayi akuloza ndi dzanja maso ali chitsinzire, chibambo chikupalasa mpaka thukuta kusakanikirana ndi mame. Kalisto akati alankhule, Felesita ankangoti, "Khala chete iwe, ukundisokoneza." Kangapo kugogoda kuja kunaleka, mkulu atatopa, ndipo iwo ankaima n'kudikira mpaka kutayambiranso.

Mwadzidzidzi mtanda wa pakansanja unatulukira m'nkhungu pamwamba pawo. Tchalitchi chinali chitakodwa ndi ngodya imodzi pa njedza zomalizira, ndipo kuseri kwa njedzazo kunali nyanja yeniyeni, mafunde akuchita thovu. Funde lililonse likamenya, njedza zinkazuka pang'ono. Madzi anali atayamba kudumpha thabwa la pakhomo lija n'kulowa mkati.

Kalisto anamangirira bwato n'kudumphira mkati. Anapeza bambo ake ataima m'madzi, kachibonga kali m'manja, milomo ikunjenjemera ndi kuzizira. Anawauza kuti akwere m'bwato msanga. Mkuluyo anakana.

"Chingwe ichi ndinachilandira kwa amalume anga tchalitchi chili chathunthu. Ndikafike kumwamba ndikawauze kuti ndinachisiya panyanja? Pitani mukaitane anthu adzakoke tchalitchichi."

Kalisto anawauza kuti pofika kumene kuli anthu n'kubwerera, njedza zikhala zitazuka kale. Bwato limodzi silikanatha kukoka nyumba yonseyo. Felesita anayesa kufuula ndi mawu ake onse a kwaya, koma nkhungu ndi mphepo zinawameza. Ndiye Kalisto anayang'ana kudenga, ndipo bambo ake anaona kumene akuyang'ana.

"Usayerekeze," anatero a Venansio. "Ambuye ali m'manda. Belu sililira."

"Ababa," anayankha Kalisto, "Ambuye ali m'manda, inde, koma mawa adzuka. Nanga inu mukamira lero, mudzuka liti?"

Sanadikire yankho. Anakwera pabenchi, n'kudula katsamba kaja ndi mano, n'kulendewera pachingwe ndi thupi lake lonse. Belu la Andireya Woyera linalira pa Loweruka Loyera, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chimangireni tchalitchicho. A Venansio anamumenya ndi kachibonga ka gogoda kumsana, m'matako, m'miyendo, uku akumutchula mayina amene sindingawabwereze pamaso pa ana. Kalisto ankangoseka n'kumakokabe.

Kumpoto kuja, anthu a m'mabwato anasiya kupalasa. Ena anachita chizindikiro cha mtanda. Nkhalamba ina inati kapena Ambuye auka msanga chaka chino. Damiano anatchera khutu, n'kupukusa mutu, n'kunena kuti bambo ake sangalize belu lero ngakhale moto utawayakira, ndiponso sangalilize moipa chonchi, ngati munthu akuingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Ameneyo ndi Kalisto basi. Mabwato onse anatembenuka n'kutsata kulirako. Sanabwere a pa Nakhombe okha. Anabwera a m'zimbowera, anabwera a kutsidya, anabwera ngakhale asodzi achisilamu amene anamva belu likulira mosalekeza n'kudziwa kuti kwagwa zina.

Anafika njedza zomaliza zikuzuka. Anamangirira zingwe za makoka kumitanda ya tchalitchi, mabwato n'kundandalika kutsogolo, ena n'kulowa mkati kukapungula madzi ndi zipande. Poyamba nyumbayo inakana, inkangozungulira pamodzi, chifukwa aliyense ankapalasa nthawi yakeyake. Ndiye Felesita anaima pakhomo n'kuyambitsa nyimbo ya opalasa, nkhafi zonse n'kuyamba kulowa m'madzi pamodzi, ndipo tchalitchi chinatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera kwawo.

Abale, chisangalalo chake! Nkhungu inayamba kuyera, dzuwa linatuluka, ndipo amene anatsala pachilumba anaona tchalitchi chawo chikubwera pamadzi, mtanda uli pamwamba, mabwato ali patsogolo ngati akuperekeza mkwatibwi. Amayi analowa m'madzi mpaka m'chiuno akululutira. Mnyamata wina wa kwaya anatengeka n'kuyambitsa Aleluya, koma Felesita anamuyang'ana kamodzi kokha n'kumuuza kuti Aleluya ndi wa mawa, lamulo limodzi lathyoledwa kale lero ndipo likukwanira. A Venansio anakhala pabenchi lakumbuyo atafulatira aliyense, atakwiya, koma amene anali nawo pafupi amati phazi lawo linkagunda pansi motsatira nyimbo.

Pamalo pakale panali pakadali madzi, choncho anadula mitengo ya migwalangwa n'kuchigubuduzira tchalitchi pakachitunda, Damiano akuloza poika phewa. Miyala ija anaisenza n'kuikhazikanso pansi pake. Dzuwa lisanapendeke, nyumba ya Mulungu inali itakhala pamalo atsopano, chikhomo chilichonse chili m'malo mwake. Alendo onse anapatsidwa thobwa la mawa lija, ndipo milamba ya Kalisto inathera pomwepo.

Pamenepo ndi pamene a Venansio, atafunda bulangete n'kumwa kanthu kotentha, mtima utatsika, anaimirira pamaso pa anthu n'kunena kuti Mulungu wawasankhira. Chingwe adzachipereka mawa kwa mwana amene wapulumutsa moyo wawo ndi tchalitchi. Anthu anaomba m'manja. Atakhala pansi m'pamene mkuluyo anazindikira kuti wadzimanga yekha, chifukwa ana onse atatu anali kumuyang'ana.

M'mawa mwake wansembe uja, Bambo Mfumu, anaoloka, n'kupita kumene ankadziwa kuti kuli tchalitchi, n'kupeza masitepe okha. Atawalozera kuchitunda n'kuwafotokozera zonse, anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa mkanjo. A Venansio anawatengera pambali n'kuwapempha kuti aweruze. Wansembeyo anati za tchimo la belu adzazimva kwa mwini wake akabwera kudzalapa, ngati lili tchimo n'komwe, koma za chingwe ndi za anthu a pa Nakhombe, iye ndi mlendo.

Ndiye pabwalo la tchalitchi, Misa isanayambe, chilumba chinagawikana patatu.

Osema mabwato ndi akuluakulu anali kumbali ya Damiano. Ankati pakanapanda phula lake ndi thabwa lake la pakhomo, Felesita akanamva chiyani, ndipo Kalisto akanaliza belu liti? Zonse zikanakhala pansi pa nyanja anthu asanadzuke. Iye anapulumutsa bambo ake zaka zambiri tsikulo lisanafike, anthu akumuseka, ndipo ndi iyenso analetsa maliro. Koma ena ankayankha kuti pomata paja sankaganiza zopulumutsa munthu, linali khalidwe lake chabe losafuna kuona mpata. Ndipo pa tsiku lenilenilo, si iye anatsogolera mabwato onse kolakwika?

Amayi ndi a kwaya anali kumbali ya Felesita. Ankati bwato lomatidwa bwino likasochera limamirabe, kungoti limachedwa. Amuna onse a pachilumba anapalasa kupita kumene kunalibe kanthu, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye anadziwa dzanja la bambo ake pakati pa phokoso lonse lija. Ndiponso popanda nyimbo yake tchalitchi chikanangozungulira pamodzi mpaka kugwera m'mafunde. Koma ena ankati chingwe sichinagwiridwepo ndi munthu wamkazi, ngakhale palibe anatha kunena amene analetsa. Enanso ankafunsa kuti, poti belu limalira nthawi imene kwaya ikuimba Ulemu kwa Mulungu, iye akagwira chingwe, kwaya aitsogolera ndani? Pa funso limeneli a kwaya ena anaoneka kuti sakudandaula kwenikweni.

Asodzi ndi achinyamata anali kumbali ya Kalisto. Ankati kuyandama n'kwabwino, kupeza n'kwabwino, koma anthu awiri ndi bwato limodzi akanangokhala mboni zoonerera mkulu akumira. Chimene chinabweretsa anthu ndi belu, ndipo panafunika munthu wolimba mtima kuti alilize uku akumenyedwa. Ena anawonjeza kuti mwambo umati amene waliza belu pa Pasaka ndiye mwini chingwe, ndipo Kalisto analiza kale, anangofulumira pang'ono. Koma enawo ankati n'chimodzimodzi kupatsa fisi ntchito yolonda mbuzi. Chingwe chimaperekedwa kwa wosunga mwambo, ndiye chipite kwa munthu yekhayo amene anauthyola? Munthu woti ngakhale mkati mwa tchalitchi analowamo koyamba dzulo, chili panyanja?

Ana eni akewo sanakangane. Damiano anangoti iye anachita ntchito yake, koma maso ake sankachoka pakansanja, ndipo aliyense ankadziwa kuti chingwecho wakhala akuchilakalaka kuyambira ali mwana. Felesita anati akapatsidwa, belu la pa Nakhombe lidzayamba kulira molongosoka. Kalisto anati iye msana ukumupweteka. Koma tsiku limenelo anali atameta ndevu, atavala malaya oyera obwereka kwa achimwene ake, ndipo nthawi ya Misa itakwana sanaime pakhomo. Anadumpha thabwa lija n'kukagwada mkati.

A Venansio anaona zonsezo ndipo mtima unawawawa ndi chikondi. Damiano ndiye anali wofanana nawo, wosunga zinthu mwakachetechete. Felesita ndiye ankawadziwa kuposa munthu aliyense wamoyo, mpaka kutsimphina kwa dzanja lawo. Kalistoyo, iwo anali asanamukhululukire, koma ankadziwa kuti mpweya umene akupumawo ndi wa mwana ameneyo, ndipo ankaopa kuti akamumana chingwe adzabwerera kuchimbowera osadzalowanso m'nyumba ya Mulungu.

Misa inayamba. M'tchalitchi munali mukununkhabe matope ndi njedza, anthu atadzaza mpaka m'mawindo, ngakhale asodzi a kutsidya aja anabwera kudzaonerera. Anapempha chifundo kwa Ambuye, n'kumaliza. Bambo Mfumu anatambasula manja kuti ayambitse Ulemu kwa Mulungu, kenaka anaima n'kuyang'ana kumbuyo kwa tchalitchi. Felesita anali atakweza dzanja pamaso pa kwaya, koma nayenso anacheuka. Ang'oma anagwira zikopa kuti zisalire. A Venansio anaimirira pansi pa kansanja, chingwe chili m'manja, n'kuitana ana awo kuti abwere. Anabwera onse atatu n'kuima patsogolo pawo, wina apa, wina apa, wina apa.

Chingwe ndi chimodzi, ndipo chimaperekedwa kwa munthu mmodzi. Musandiuze zoti agwire onse atatu, chifukwa a Venansio mwawadziwa kale, zimenezo sangalole. Musandiyang'anenso ine, ndakufotokozerani zonse ndipo sindinabise mbali ya aliyense.

Wansembe manja akadali m'mwamba, kwaya yagwira mpweya, ndipo Ambuye auka koma belu silinanene. Tsono inu mwakhala panonu, nenani msanga Misa ipitirire: chingwechi a Venansio achiike m'manja mwa ndani, mwa amene anachititsa kuti tchalitchi chiyandame, mwa amene anachipeza m'nkhungu, kapena mwa amene anathyola lamulo kuti bambo ake aone Pasaka?